Zikomo kwa Thupi Lathu

Munthu akatipatsa madzi akumwa timanena kuti zikomo. Anansi akatithandiza kufolera nyumba timawaphikira nsima kapena thobwa. Mwana amene alandira chinthu osathokoza timamdzudzula, ndipo timati alibe mwambo. Kuthokoza ndi mwambo wathu wakale.

Koma pali wantchito mmodzi amene timaiwala kumthokoza. Amadzuka nafe m'mamawa, napita nafe kumunda. Amasenza nkhuni, amatunga madzi, amabereka mwana kumbuyo. Salandira malipiro. Wantchito ameneyu ndi thupi lathu.

Mlimi wanzeru akaweruka amapala dothi pakhasu lake, nalisunga pouma. Njinga amaithira oilo. Ng'ombe za pangolo amazimwetsa madzi ndi kuzipumitsa. Amatero chifukwa amadziwa kuti zinthu zimenezi ndizo zimamdyetsa. Tsono khasu likatha timagula lina pamsika. Manja akatha sitingagule ena, ngakhale ku Ulongwe, ngakhale ku Dedza.

Thupi silimva mau. Zikomo amene thupi limamva ndi madzi, sopo, mafuta, chakudya ndi tulo. M'nkhani ino tiphunzira m'mene tingaperekere zikomo ameneyu tsiku liri lonse.

Ntchito ya khungu

Khungu ndi chiwalo chachikulu kuposa ziwalo zonse za thupi. Liri ngati denga ndi chipupa cha nyumba. Limatsekereza tizirombo toyambitsa matenda kuti tisalowe m'thupi. Limasunga madzi a m'thupi kuti asauluke. Kukatentha limatulutsa thukuta kuti tizizidwe. Limatiuzanso msanga tikaponda munga kapena tikakhudza moto.

Khungu limadzikonza lokha. Khungu latsopano limakula kuchokera pansi, ndipo lakale limafundudwa pang'ono-pang'ono osaoneka. Pakatha mwezi umodzi kapena kupitirirapo pang'ono, khungu lapamwamba limakhala litasinthika. Litsiro limene timatsuka ndi fumbi, thukuta ndi khungu lakale lomweli.

Chipupa chikachita mng'alu, mvula ndi makoswe zimalowa. Khungu likang'ambika, matenda amapeza khomo. Kusamala khungu si kudzikongoletsa chabe ai. Ndi kutseka khomo la matenda.

Kuzizira kwa kuno kwathu

Kalomwe ali pamalire a Mozambique ndi Malawi, m'boma la Angonia, m'chigawo cha Tete. Tsidya linalo ndi Dedza. Dziko lathu ndi lokwera. Tiri pamwamba mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo phiri la Domwe limapitirira mamita 2,000. Chifukwa chake kuno kumazizira, pamene mumzinda wa Tete, kuchigwa cha Zambezi, anthu amavutika ndi kutentha.

Kuzizira kumeneku ndiko kumatipatsa mbatata ya kachewere, nyemba ndi kabichi. Koma kumavutitsa khungu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mphepo imakhala youma ndi yozizira. Khungu limatuwa mbuu. Milomo imang'ambika. Zidendene zimachita ming'alu yowawa, ndipo nthawi zina imatuluka magazi.

Pali vuto linanso. Kukazizira timaopa madzi. Ana amathawa kusamba. Timagona mothithikana m'bulangete limodzi, ndipo timakhala pafupi kwambiri ndi moto. Motero nyengo yachisanu ndiyo nyengo imene thupi limafuna chisamaliro chambiri.

M'mawa: nkhope, maso ndi mano

Podzuka tisambe kumaso. Madzi a m'kapu imodzi akwanira. Titsuke manthongo m'maso ndi mamina pamphuno, makamaka kwa ana. Ntchentche zimakonda nkhope yosasamba. Zimachoka pamaso pa mwana wodwala ndi kukatera pamaso pa mnzake, ndipo zimanyamula matenda a maso otchedwa trakoma. Matendawa akabwera kawiri-kawiri, chikope chimapindikira m'kati, tsitsi lake nkumakanda diso mpaka munthu achite khungu.

Trakoma angathe kugonjetsedwa. M'chaka cha 2022 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti ku Malawi trakoma sanalinso vuto lalikulu la dziko. Zina mwa zida zimene zinagwira ntchito zinali mankhwala, zimbudzi ndi kusambitsa ana kumaso. Zimene anzathu a tsidya linalo anachita, ifenso tingachite.

Titsukenso mano m'mawa ndi pokagona. Amene alibe mswachi wa m'sitolo agwiritse ntchito mswachi wa mtengo. Munthu ali yense akhale ndi wake.

Pamene mukusamba kumaso, kumbukani ntchito ya maso anu. Ndiwo amasankha mbeu yabwino. Ndiwo amazindikira mwana wanu ali patali. Ndiwo akuwerenga mau awa.

Manja

Manja ndiwo amagwira ntchito yambiri, ndipo ndiwonso amanyamula matenda kupita nawo kukamwa. Tisambe m'manja ndi sopo pa nthawi izi: tikachoka kuchimbudzi, tikasintha mwana thewera, tisanaphike, tisanadye, ndiponso tisanadyetse mwana. Ngati sopo watha, phulusa loyera lithandiza.

Pa nthawi ya nsima tisasambe tonse m'beseni limodzi. Womalizira amasamba litsiro la anzake, ndipo kawiri-kawiri womalizira ndi mwana wamng'ono. Mmodzi athire madzi, wina asambe, madziwo agwere m'beseni. Kuthirira mnzako madzi ndi ulemu womwewo, ndipo kumateteza ku kolera ndi kutsegula m'mimba. Kuyambira m'chaka cha 2008, pa 15 Okutobala maiko ambiri amakumbutsana za kusamba m'manja.

Tiwenge zikhadabo, pakuti pansi pa zikhadabo zazitali pamabisala litsiro ndi mazira a njoka za m'mimba.

Alimi a mbatata, tomato ndi fodya amvetse izi. Mankhwala opopera mbeu amalowa m'thupi kudzera pakhungu. Popopera valani malaya a manja aatali, buluku ndi nsapato. Mukatha, sambani thupi lonse ndi sopo, ndipo zovalazo zichapidwe pazokha. Masamba a fodya onyowa ndi mame amalowetsanso ululu wake pakhungu, munthu nkumamva chizungulire ndi nseru. Ana asagwire ntchito imeneyi.

Madzulo: kusamba ndi kudzola

M'nyengo yozizira ndi bwino kusamba dzuwa lisanalowe. Tenthetsani madzi kuti akhale ofunda, koma osati otentha kwambiri, chifukwa madzi otentha amaumitsa khungu. Bafa likhale lomangidwa bwino kuti mphepo isalowe. Madzi akachepa, yambani ndi nkhope, m'khwapa, malo obisika ndi mapazi.

Tisasambe m'madzi oima a m'madambo ndi m'maiwe. M'madzi otero mumakhala nkhono zimene zimasunga tizirombo ta likodzo. Tiziromboti timaboola khungu la munthu amene walowa m'madzimo. Tungani madzi pachitsime kapena pamjigo, mukasambire kunyumba.

Mukatha kusamba, dzipukuteni bwino, makamaka pakati pa zala za kumapazi. Kenaka dzolani mafuta khungu lisanaumiretu. Mafuta amatsekera madzi m'khungu, monga chivundikiro chimatsekera nthunzi mumphika. Sikofunika mafuta odula. Vaseline akwanira, ngakhalenso madontho ochepa a mafuta a mtedza kapena a mpendadzuwa. Makolo athu ankadzola mafuta a nsatsi. Koma njere za nsatsi ndi zakupha munthu akazitafuna, choncho zisungidwe kutali ndi ana.

Mapazi ndiwo amatinyamula tsiku lonse. Aviikeni m'madzi ofunda, kwechani zidendene pamwala pang'ono-pang'ono, ndipo pakani mafuta m'ming'alu. Musadule chikhungu cholimba ndi lezala. Valani nsapato kapena nkhwaira, makamaka popita kuchimbudzi ndi kukhola, pakuti njoka zina za m'mimba zimalowera kumapazi.

Posamba tiziyang'ana thupi

Mlimi amayendera munda wake kuti aone ngati mbozi zalowa. Nthawi yosamba ndiyo nthawi yoyendera thupi. Yang'anani pakati pa zala, m'chiuno, kumapazi ndi m'mutu mwa ana. Kumsana simungadzione nokha, choncho mwamuna ayang'ane mkazi wake, ndi mkazi ayang'ane mwamuna wake. Nazi zinthu zinayi zofunika kuzizindikira.

Choyamba ndi mphere. Mphere zimayamba ndi kachirombo kakang'ono kwambiri kamene kamakumba m'khungu ndi kuikiramo mazira. Zimayabwa kwambiri usiku. Zimakonda pakati pa zala, pamfundo za manja, m'khwapa ndi m'chiuno. Zimafala pogona pamodzi ndi pobwerekana zovala. Zingagwire munthu ali yense, ngakhale waukhondo, choncho si zochititsa manyazi. Sopo yekha sapha kachiromboka. Pamafunika mankhwala a kuchipatala, ndipo anthu onse a m'nyumbamo alandire mankhwala tsiku limodzi, ngakhale amene sanayambe kuyabwidwa. Zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha ndi kuyanikidwa padzuwa. Zimene sizingachapike zimangidwe m'thumba kwa mlungu umodzi, pakuti kachiromboka kamafa kakakhala masiku ochepa kopanda munthu.

Chachiwiri ndi matekenya. Thekenya linachokera ku South America, ndipo linafika ku Angola pa sitima ya pamadzi m'zaka za m'ma 1870. Kuchokera kumeneko linafalikira mu Africa. Limakhala m'fumbi la m'nyumba ndi m'makola. Thekenya lalikazi limalowa kuchala kapena pansi pa phazi, ndipo pamaoneka kachotupa koyera kokhala ndi kadontho kakuda pakati. Sesani ndi kuzira nyumba kawiri-kawiri. Nkhumba ndi agalu zisagone pamene pamagona anthu. Musabwerekane singano kapena phini pochotsa matekenya, pakuti mungapatsirane matenda a m'magazi, ndipo bala lauve lingabweretse kafumbata. Matekenya akachuluka, pitani kuchipatala.

Chachitatu ndi zipere. Zipere zimachita mawanga ozungulira pakhungu kapena m'mutu, ndipo tsitsi limathothoka. Ana asabwerekane chipeso, chipewa kapena lezala. Zipere za m'mutu zimafuna mankhwala akumwa a kuchipatala.

Chachinayi ndi khate. Mukaona banga loyererako kapena lofiirira limene siliyabwa, likhudzeni ndi kanthenga kapena kathonje. Ngati simukumva kanthu pamenepo, fulumirani kuchipatala. Khate si ufiti ndipo si temberero. Limayamba ndi kachirombo kamene dokotala wa ku Norway, Gerhard Armauer Hansen, anakaona m'chaka cha 1873. Khate limachizika. Mankhwala ake amamwedwa miyezi 6 kapena 12, ndipo kuyambira m'chaka cha 1995 amaperekedwa ulere kudzera ku bungwe la WHO. Munthu amene wayamba kumwa mankhwala amaleka kupatsira anzake. Amene afulumira amapulumutsa zala zake ndi maso ake. Amene abisa banga lake amapunduka.

Khungu limadyanso

Mafuta a pamwamba sangakonze khungu la munthu amene sadya bwino. Pali matenda otchedwa pelagra amene amagwira anthu odya nsima yokha popanda ndiwo zokwanira. Khungu limada ndi kukhakhala ngati lawauka ndi moto, makamaka m'khosi, kuseri kwa manja ndi kumapazi, kumene dzuwa limaomba. Wodwalayo amatsegula m'mimba, ndipo matenda akakula mutu umasokonezeka.

Matenda amenewa anazunza abale athu pa nthawi ya nkhondo imene inatha m'chaka cha 1992. M'chaka cha 1990, anthu oposa 17,000 pakati pa othawa nkhondo a ku Mozambique amene ankakhala kummwera kwa Malawi anadwala pelagra. Chimene chinachitika nchakuti mtedza unasowa pa chakudya chimene ankalandira, ndipo anatsala ndi ufa wa chimanga ndi zakudya zina zochepa.

Phunziro lake ndi ili: tisagulitse mtedza ndi nyemba zonse. Tisungeko zodya pakhomo. Nsinjiro m'ndiwo zamasamba, nyemba, mazira, usipa, mkaka ndi nyama ndizo mafuta a m'kati mwa khungu. Timwenso madzi abwino okwanira, ngakhale kukuzizira.

Moto ndi dzuwa

M'nyengo yachisanu ana ambiri amapsa ndi moto, phala kapena madzi owira. Mwana wokwawa asasiyidwe yekha pafupi ndi mafuwa. Munthu wodwala khunyu akhale patali ndi moto, ndipo asaothe ali yekha.

Munthu akapsa, thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20. Musapakepo mazira, mafuta, mankhwala otsukira mano, dothi kapena ndowe. Musaboole matuza. Phimbani ndi nsalu yoyera. Ngati bala ndi lalikulu, kapena liri kumaso, m'manja kapena pamalo obisika, kapena wapsayo ndi mwana, thamangirani kuchipatala.

Dzuwa la kumalo okwera ndi lamphamvu ngakhale mphepo ikuzizira. Chipewa chimathandiza wolima ali yense. Koma amene ali pangozi yaikulu ndi abale athu achialubino. Khungu lawo liribe utoto umene umateteza ku dzuwa, choncho limapsa msanga, ndipo lingachite zilonda za khansa. Afunika chipewa cha mlomo waukulu, zovala za manja aatali, ndi mafuta oteteza ku dzuwa. Apatsidwe ntchito za pamthunzi, kapena alime m'mamawa ndi madzulo. Chilonda chimene sichikupola chikaonetsedwe kuchipatala. Munthu wachialubino ndi munthu monga ife tonse, ndipo m'thupi mwake mulibe chizimba. Kuyambira m'chaka cha 2015, pa 13 Juni maiko amakumbukira ufulu wa anthu amenewa.

Mafuta oyeretsa khungu

M'misika mumapezeka mafuta ndi sopo zimene ogulitsa amati zimayeretsa khungu. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ena mwa mafuta amenewa ali ndi mankhwala oopsa. Poyamba nkhope imayera. Pambuyo pake khungu limapyapyala, limachita mawanga akuda osachoka, ndipo bala limachedwa kupola. Ena ali ndi chitsulo chamadzi chotchedwa mekyule, chimene chimaononga impso ndi ubongo, ndiponso chingapweteke mwana amene ali m'mimba.

Utoto wakuda wa khungu lathu uli ndi ntchito. Ndiwo umatiteteza ku dzuwa pamene tiri kumunda. Munthu wothokoza sanyoza chimene chimamteteza. Khungu lokongola ndi khungu losamba, lodzola ndi lopanda zilonda, kaya ndi lakuda bii, kaya ndi loyererako. Ndalama zogulira mafuta oyeretsa zigule sopo wa banja lonse.

Akhanda ndi okalamba

Pali anthu amene sangathe kudzisamala okha. Mwana wongobadwa kumene asasambitsidwe mpaka patapita tsiku limodzi lathunthu. Apukutidwe, aikidwe pachifuwa pa mai wake, ndi kufunditsidwa bwino, ndi kachipewa kumutu. Kuno kozizira khanda limazizidwa msanga. Pamchombo tisapake phulusa, mwaye kapena ndowe. Titsate zimene anamwino atiuza.

Khungu la okalamba ndi lopyapyala ndi louma. Agogo amene anatisambitsa tiri ana afunika kuti ifenso tiwatenthetsere madzi, tiwawenge zikhadabo, ndi kuwadzoza mafuta kumsana ndi kumapazi. Wodwala amene wagona nthawi yaitali atembenuzidwe kawiri-kawiri kuti asachite zilonda. Beseni la madzi ofunda loperekedwa kwa kholo ndi zikomo woposa mau ambiri.

Tithokozenso anzathu

Madzi osamba sabwera okha. Wina anapita kumjigo, wina anatola nkhuni, wina anasonkha moto, wina anagulitsa mbatata kuti agule sopo. Abambo, mukapeza madzi kubafa, nenani zikomo kwa amene wawaika. Ndipo tsiku lina tengani njinga ndi zigubu, mukatunge ndinu. Amai, mukatha kusambitsa ana musadziiwale. Thupi lanu nalonso lagwira ntchito, ndipo liyenera madzi, mafuta ndi mpumulo. Anyamata aphunzire kutunga madzi ndi kuchapa zovala zawo monga alongo awo.

Yesani kuchita izi madzulo ano. Podzola manja, tchulani ntchito imodzi imene manjawo agwira lero. Podzola mapazi, kumbukani kumene akufikitsani. Kenaka ganizirani munthu mmodzi amene wakuthandizani, ndipo mumuuze zikomo musanagone. Zimenezi sizilira ndalama. Munthu amene amawerenga zabwino za tsiku lake mtima wake umakhala pansi, ndipo ana amene amaona makolo akuthokozana amaphunzira mwambo womwewo. Pang'ono-pang'ono ndi mtolo.

Mafunso okambirana

1. Tchulani ntchito zitatu za khungu.
2. Kodi ndi nthawi ziti zimene tiyenera kusamba m'manja ndi sopo?
3. Chifukwa chiyani anthu onse a m'nyumba ayenera kulandira mankhwala a mphere tsiku limodzi?
4. Kodi mungachite chiyani mutaona banga limene silimva kukhudza?
5. Kodi pabala la moto tiyenera kuthirapo chiyani, ndipo kwa mphindi zingati?
6. Ndani amatunga madzi osamba pakhomo panu? Kodi ntchito imeneyi mungagawane bwanji?

Lembani mau awa m'kope mwanu: madzi, sopo, mafuta, khungu, zikomo.